Nangondo Anandipeza ku Dublin

Ana anga, za ku Chiradzulu kumene ndinabadwira ndi za sukulu ya mishoni ndinakuuzani kale pakamwa, sindizibwereza. Mutu uno ndi wa ntchito yanga yoyamba ndi ntchito yanga yomaliza. Amayi anu anamwalira osadziwa zimene ndilembe apa, ndipo ine sindikufuna kuti nanunso mudzandiike m'manda musakuzidziwa.

1968

Nditamaliza kuphunzira za maboyila ku Limbe, ndinalembedwa ngati fitala, wokonza makina, pa esiteti ina ya nzimbe kumunsi kwa chigwa cha Shire. Dzina la kampani sinditchula, inagulitsidwa kalekale. Esitetiyo inali ndi njanji yakeyake yopapatiza, yoti munthu ankailumpha osathamangira, yochokera m'minda kukafika ku fakitale. Mitu ya sitima inalipo iwiri, yoyendera nthunzi, yaing'ono, yobiriwira, matanki a madzi ali m'mbali ngati matumba pa bulu. Inali yofanana kwambiri moti mlendo sankaisiyanitsa. Azungu ankaitchula ndi manambala, koma ife tinaipatsa ziwongo ngati amayi: wina Nachisale, wina Nangondo. M'mbali mwa aliyense munali mabowo anayi pomwe kale panali chikwangwani cha dzina. Dzinalo panalibe wolidziwa. Tinkangomva kuti anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Ulaya atagwirako kale ntchito zaka zambiri.

Kuti mumvetse zotsatirazi, dziwani chinthu chimodzi. Ng'anjo ya injini yotere ili ndi makoma awiri, lamkati ndi lakunja, ndipo pakati pake pamakhala madzi. Moto ukayaka, nthunzi imakankha makomawo mwamphamvu. Chimene chimawagwira ndi ndodo zazifupi za mkuwa zomangidwa mbali zonse ziwiri, zimene timati masiteyi. Ukayang'ana kunja umangoona mitu yake, mizeremizere ngati mabatani a jekete. Ndodo yeniyeniyo ili m'madzi, diso silifikako.

Mkulu wa shedi anali mzungu wina amene tinkamutcha Bwana Mawa, chifukwa chilichonse ukapempha ankati chibwera mawa. Sanali wankhanza. Anali munthu wamantha, woopa akuluakulu ake kuposa china chilichonse. Mnzanga wapamtima anali Zuze, Msena wa ku Nsanje, fayamani wosonkhezera moto mwa Nachisale ndi mwa Nangondo mosinthasintha. Zuze sankalawa mowa ngakhale thobwa logonera. Pa ntchito anali ndi chizolowezi chimene tinkamuseka nacho. M'kabu mwa injini, momwe mumaima dalaivala ndi fayamani, muli kagalasi koimirira kosonyeza pamene madzi afika m'boyila. Zuze sankakhulupirira maso okha. Mphindi zingapo zilizonse ankagogoda kagalasiko ndi chikhadabo kawiri, ti, ti, kuti aone madzi akugwedera. "Galasi limanama, Edisoni," ankatero. "Uzilifunsa."

1971

Chaka chimenecho zipangizo zinasowa. Katundu wathu ankadzera ku Beira, ndipo kutsidya kwa malire kunali nkhondo. Tinkasoka mapaipi ndi zigamba, tinkasefa oyilo wakale pa chiguduli. Kutatsala milungu iwiri kuti kudula nzimbe kuyambe, ndinalowa m'ng'anjo ndi kahamala kanga n'kupeza masiteyi othyoka, khumi ndi anayi mwa Nachisale, khumi ndi limodzi mwa Nangondo, onse m'munsi, kuseri kwa mawilo. M'sitolo munali ndodo imodzi yokha ya mkuwa.

Bwana Mawa anaitembenuza ndodoyo m'manja kwa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Uidule tizidutswa. Kachidutswa mkati, kachidutswa kunja, usule mitu bwinobwino. Woyendera maboyila amaona mitu."

"Bwana, pakati sipakhala kanthu. Khoma lidzatupa."

"Miyezi iwiri yokha. Ndodo zikangofika tidzakonza." Anandiyang'ana. "Mkazi wako ndi woyembekezera, si choncho? Ndipo uli m'nyumba ya kampani. Ku Limbe kuli anyamata ambiri ofuna malo ako."

Ndinachita Lamlungu masana titaweruka ku tchalitchi, m'shedi mulibe munthu, maboyila onse awiri atanyamulidwa pa mafelemu ake pokonzekera nyengoyo. Ntchitoyo ndinaigwira mwaluso, ndi bwino ndinene zimenezo, chifukwa ndi luso langa limene linabisa bodzalo. Pa mutu uliwonse wabodza ndinakhomapo kadontho ndi kachitsulo kosongoka, kuti ndodo zikabwera ndidzadziwe pochotsa. Ndodo sizinabwere.

Nachisale anaphulika mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, pa mphambano ya njanji pafupi ndi pampu ya madzi. Dalaivala anali atatsika kukatembenuza njanji. M'kabu munali Zuze yekha. Ine ndinali ku shedi, ndinamva ngati chitseko chachikulu chamenyetsedwa pansi pa nthaka, kenaka mbalame zonse za m'minda zinauluka nthawi imodzi. Titafika tinapeza nzimbe zozungulira malowo zitapsa ndi madzi otentha, zikununkha ngati shuga wopserera. Za mmene tinamupezera Zuze sindilemba.

Akuluakulu anakhala pansi masiku awiri. Anagamula kuti fayamani analedzera n'kulekerera madzi kuphwa m'boyila. Anandiitana n'kundifunsa funso limodzi: "Fitala, boyila inali bwino?" Bwana Mawa ankayang'ana pawindo. Ndinati, "Inali bwino, bwana." Sabata isanathe zotsala za Nachisale anazidula n'kuzitumiza kwa ogula zitsulo. Mkazi wa Zuze, mayi Joakina, anatulutsidwa m'nyumba ya kampani ali ndi khanda kumbuyo. Nangondo anamalizitsa nyengoyo akuyenda ndi moto wochepa, kenaka kunabwera mathirakitala, anamukankhira pansi pa mtengo wa mtondo. Ine ndinapempha ntchito ku Limbe, pa injini za dizilo, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka kupuma. Ndinakhala mkulu wa mpingo. Ndinaphunzitsa anyamata ambiri kuti asamabise cholakwa pa chitsulo.

2005

Amayi anu atatisiya, mchemwali wanu Tiyamike, amene ankagwira unamwino ku Dublin, anandiitana kuti ndikakhale naye ku Tallaght ndizikamuthandiza kulera mwana wake Mphatso. Ndinapeza mzinda wonse uli pa ntchito yomanga. Ukakwera Luas, sitima yawo ya mumzinda, kupita m'tauni, kulikonse unkaona makireni ataima pamwamba pa nyumba ngati akakowa. Minda ya dzulo lero ili maziko. Anthu ankalankhula za nyumba monga ife timalankhulira za mvula.

Tinkapemphera m'chipinda china cham'mwamba pafupi ndi Parnell Street, Amalawi ndi Azambia pamodzi. Kumeneko ndinadziwana ndi a Tembo, Mzambia wogwira ulonda pa mashedi a makampani kumalire kwa Tallaght, chakumapiri. Tsiku lina titaweruka anandikoka dzanja.

"Mudala, imwe munali ku njanji, si so? Kwamene nisebenza kuli bazungu bavutika na chisitima chakudala. Bwerani mukaone chabe, muzaseka."

Ndinapita Lachiwiri lotsatira, nditamusiya Mphatso ku sukulu. Unali mwezi wa Novembala, mvula yawo yosalekeza ija ikuwaza. Anatilandira a Declan, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, wopuma ntchito ya njanji ngati ine. Anakoka lona. Choyamba kuona chinali dzimbiri ndi utoto wobiriwira wosupuka. Kenaka mabowo anayi m'mbali mwa tanki. Kenaka, pansi pa mabowowo, chibonyo chimene ngolo ya nzimbe inasiya ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinasuzumira m'kabu. Kudenga kunali zisa za mavu, zadothi lathu lofiira, zili mzere monga zinkakhalira.

"Nangondo," ndinatero mokweza, osafuna.

"Mwati chiyani?" anafunsa a Declan.

Ndinawauza kuti ndinagwirapo ntchito pa injini imeneyi ndili mnyamata. Bamboyo anakhala pansi pa bokosi, anavula chipewa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri osalisiya. Kenaka anatenthetsa tiyi n'kundiuza mbiri imene ife ku chigwa sitinkaidziwa.

Injinizo zinapangidwa zitatu zokha ku Mangalande, agogo awo a Declan ali anyamata, zopangidwira kanjanji kena kopapatiza kumadzulo kwa Ireland, kodutsa m'madambo ndi m'miyala kukafika padoko la asodzi. Zinkanyamula ng'ombe, nsomba, makalata, komanso achinyamata opita kunja amene ambiri sanabwerere. Agogo awowo anali dalaivala wa zonse zitatu. Mabasi ndi malole atachuluka kanjanjiko kanatsekedwa. Injini imodzi anaidulira pomwepo anthu a m'mudzi akuonerera. Ziwiri zinagulidwa ndi wamalonda wina n'kutumizidwa ku Africa, ndipo mbiri yake inathera pamenepo. A Declan anazifunafuna zaka makumi awiri, kulemba makalata kulikonse, mpaka wina anawatumizira chithunzi cha injini ili pansi pa mtengo. Amene anaibweretsa anali mkulu wina womanga nyumba, wochokera dera lomwelo, amene ankamanga hotela yaikulu kunja kwa Dublin. Ankafuna kanjanji kozungulira hotelayo, kuti tsiku lotsegulira injini ya kwawo idzakoke ana a sukulu.

"Inzakeyo ndiye tinachedwa nayo," anatero a Declan. Anatulutsa kabuku kamene ankalemba ka mbiri ya injini zitatuzo, natsegula tsamba lina. "Makalata a kampani akuti fayamani woledzera anaiphulitsa. Munkamudziwa?"

Ndinayang'ana tsambalo. Bodza langa linali litawoloka nyanja ine ndisanawoloke, litatayipidwa bwinobwino m'Chingerezi. "Ndinkamudziwa pang'ono," ndinatero.

2006

Chilolezo chogwirira ntchito ndinalibe, choncho ndinkapita ngati wongothandiza, mmawa katatu pa sabata. Ndinadziuza kuti ndikupita kuti ndikapeze mpata wokonza masiteyi aja mwakachetechete. Mpatawo sunapezeke. Anali kuseri kwa mawilo ndi felemu, poti sungawasinthe osanyamula boyila yonse ndi kireni. Tsiku lina a Declan atatuluka ndinakwawira m'ng'anjo ndi tochi, ndinapukuta mwaye ndi chala. Timadontho tanga tinali pomwepo. Ndinawerenga khumi ndi kamodzi.

Titatsegula mapulagi otsukira boyila, munatuluka matope a Shire, ouma gwa ngati njerwa. Tinawathira madzi kuti afewe, ndipo shedi yonse inadzaza fungo la shuga wopserera. A Declan anaseka, nati injini yawabweretsera Africa. Ine ndinatuluka panja kukaima pamvula.

Zimene ndilembe tsopano mutha kuzitenga mmene mungafunire. Ine ndine munthu wa tchalitchi ndiponso wa zitsulo, sindinakhalepo wothamangira za mizimu. Ndingolemba zimene ndinaona.

Mwezi wa Febuluwale tinaika kagalasi katsopano ka madzi m'kabu. Boyila inali youma, mapulagi onse ali pa benchi. Mmawa wotsatira ndinapeza m'kagalasimo muli madzi, afika pakati penipeni, pamene fayamani wabwino amawasunga. Ndinatsegula kampopi ka pansi, anatuluka. Ndinawaitana a Declan. Anati ndi chinyezi, m'shedi mozizira chonchi zitsulo zimachita thukuta. N'kutheka. Koma Lachinayi madzi analimonso, pa mzere womwewo. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Chinyezi sichidziwa pakati pa galasi. Ndinasiya kuwauza a Declan, ndinkangofika msanga n'kukhetsa.

Kenaka kunayamba kugogoda. Nthawi yoyamba ndinali pansi pa injini ndikumasula mabuleki, cha m'ma 10 koloko mmawa, a Declan atapita kukagula mabawuti. Pamwamba panga, m'kabu, ndinamva ti, ti. Ndinagona chagada pa simenti yozizira, sipanala ili m'manja, ndikudikira. Patapita mphindi zingapo, ti, ti. Ndinatuluka n'kukwera m'kabu. Munalibe munthu. Malata a denga akamatenthedwa amalira, ndikudziwa, koma tsikulo kunalibe dzuwa, ndipo malata salira kawirikawiri mofanana ngati munthu wowerenga nthawi. Sizinkachitika tsiku lililonse, ndipo sizinkachitika a Declan ali pafupi. Ndinayamba kuganiza kuti mutu wanga wayamba kusokonekera, mpaka tsiku limene ndinawaitana a Tembo kuti adzamwe tiyi m'kati. Anaima pakhomo, osaponda.

"Iyayi mudala, ine nimwera kuno. Mu shed umu sinilowa."

"Chifukwa?"

"Pa Sunday nimankhala neka pano. Cija chinthu chili na munthu. Amagogoda monga afuna kufunsa vinthu."

Woyendera maboyila anabwera mwezi wa Seputembala, mnyamata waulemu wokhala ndi makina oyezera kukhuthala kwa chitsulo. Anagogoda mitu ya masiteyi ndi hamala, koma m'munsimo matope aja anali atagwira makoma moti paliponse pankamveka mofanana. Anaboola masiteyi angapo pamwamba, anapeza ali bwino. Anadzaza boyila ndi madzi ozizira, napopa mpaka geji inakwera. Ine ndinaima kumbuyo ndikupemphera kuti khoma litupe, lidonthe, lichite chilichonse chondichotsera katunduyo. Silinadonthe. Madzi ozizira si moto. Anasaina.

Ndinayesa njira ya wamantha. Ndinawauza a Declan kuti mtima wanga sukukhazikika, tinyamule boyila tione m'munsi. Iwo anavomera, nakamuuza mwini hotela. Yankho linabwera tsiku lomwelo: woyendera wasaina, kunyamula boyila ndi miyezi inayi, tsiku lotsegulira lalengezedwa kale. Popanda chifukwa chogwirika, palibe chonyamula.

Tiyamike ndinamuuza Loweruka lina tikuchokera kogula ufa ku Moore Street. Ndinamuuza zonse, tili pa benchi podikirira Luas. Anaika majumbo pamiyendo n'kunditembenukira.

"Adadi, mukudziwa kuti mulibe work permit? Mukayamba za ma statement, afunsa kuti munkatani mu shed muja chaka chonse. Ine renewal ya permit yanga ndi June." Anapukuta m'maso. "Sindikuti musanene. Ndikungoti... simungalembe letter yopanda dzina?"

"Kalata yopanda dzina aitaya. Wodziwa pamene pali mabodzawo ndi amene anawaika."

"Ndiye munthu uja anafera zimenezo? Ndipo inu munkatikwapula ife tikanama za sugar?"

Sitima itabwera tinakwera, aliyense kuyang'ana windo lake.

Chimene chinandithyola si kugogoda kuja. Mphatso anabwera ku sukulu ndi kapepala konena kuti kalasi yawo ili m'gulu la oitanidwa kukakwera sitima tsiku lotsegulira. Ankadumphadumpha. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati akufunadi kupita, iye nayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse: "Grandad, it's your train!" Mawa lake ndikutsuka mbale ndinadzipeza ndikukonza bodza loti tsikulo mwanayo adzadwale chimfine asapite. Ndinali nditasankha kale ndi mankhwala oti ndidzaike pa tebulo kuti mayi ake akhulupirire. Ndinazimitsa mpopi. Ana enawo, a eni ake, ndinali nditawapereka kale mumtima mwanga.

2007

Tsiku loyatsa moto koyamba linali mu Malichi, mmawa wa chisanu. Nangondo anali atapakidwa utoto, mkuwa ukuwala, atamukankhira panja pa kanjanji kakafupi. Boyila inali yodzaza. Mwini hotela anabwera ndi jasi lake lalitali ndi munthu wojambula. A Declan anayala nkhuni m'ng'anjo, ananyika chiguduli m'parafini, nachiika pa fosholo. Kenaka anandipatsa machesi.

"Inu ndi amene munamuona ali moyo komaliza, Eddie. Muyatseni ndinu."

Ndinakwera m'kabu. Ndinatulutsa kamtengo ka machesi. Kagalasi kanali pafupi ndi khutu langa lamanzere, madzi ali pakati. Ndiye ndinamva, pafupi kwambiri moti ndinatembenuka kuti ndimupatse malo munthuyo: ti, ti. Ndinayang'ana pansi kwa a Declan. Nkhope yawo inali itasintha. Ankayang'ana kagalasiko.

Ndinabweza machesi m'bokosi n'kutsika. Chingerezi changa ndi cha m'mabuku a injini, koma tsikulo chinakwana. Ndinati moto usayatsidwe. Ndinati m'munsi mwa ng'anjo muli masiteyi khumi ndi limodzi amene ndi mitu chabe, ndipo ndinawaika ndine ndi manja anga. Ndinati inzake ija inali ndi khumi ndi anayi, ndipo ndi chimene chinaiphulitsa. Ndinati fayamani uja sanalawepo mowa moyo wake wonse, madzi ake anali pakati pa galasi, ndipo ine ndinanama pamaso pa akuluakulu.

Wojambula anatsitsa kamera. Mwini hotela anafunsa a Declan, osati ine, kuti kodi munthuyu ndi ndani kwenikweni, ndipo ali pano ndi mapepala anji. A Declan anati, "Ndi mlendo wanga." Analamula kuti madzi akhetsedwe, anachotsa nkhuni, natenga dirilo. Tinakwawira m'ng'anjo tonse awiri, nkhalamba ziwiri, mapewa akukhudzana. Ndinawalozera kadontho koyamba. Anaboola. Dirilo inalowa pang'ono, kenaka inagwera m'phanga. Anamasula mutuwo, unagwera m'dzanja lawo, kachidutswa kosatalika kuposa chala chamanthu. Pofika masana tinali titandandalika khumi ndi kamodzi pa benchi. Mwini hotela anatola kamodzi, anakayang'ana, nkhope yake inayera. Anali ndi ana nayenso. Anakabweza pa benchi mosamala, napita ku galimoto yake osatsanzika.

A Declan sanandilankhule sabata ziwiri. Ndinkakhala kunyumba ndikudikira kugogoda kwa a boma pakhomo, Tiyamike akudzidzimuka ndi kalata iliyonse. Palibe anabwera. Kenaka a Declan anafika okha ku Tallaght, kabuku kawo kali m'thumba la jasi. Anakana tiyi. Anakhala pa tebulo, natsegula tsamba lija, natulutsa cholembera.

"Dzina lake anali ndani?"

"Zuze."

"Nditchulireni chilembo chimodzichimodzi."

Ndinatchula. Anakhwatcha mzere wakalewo, nalemba kwa nthawi yaitali m'mphepete mwa tsamba. Atamaliza anati, "Dzina lanu ndiliikamonso, Eddie. Zonse ziwiri, zimene munachita kale ndi zimene mwachita pano." Ndinati aliike. Ali pakhomo ndinawafunsa ngati anamva kanthu m'kabu tsiku lija. Anamanga mabatani a jasi mpaka m'khosi. "Galasi likazizira limalira," anatero, osandiyang'ana.

Mwini hotela sanafune kudikira boyila yatsopano. Analamula kuti Nangondo aikidwe ngati chokongoletsa m'chipinda cholandirira alendo. Anamulowetsa ndi kireni denga lisanaikidwe, namanga makoma momuzungulira. Chaka chotsatira ntchito zomanga zinaima dziko lonse. Hotelayo sinatsegulidwe. Ndisanabwerere kumudzi a Tembo anandiperekeza kukaona. Tinadutsa pa mpanda wogwa, pakati pa nyumba zopanda mawindo ndi milu ya mchenga yomera udzu. Nangondo anali kuseri kwa galasi lalikulu lafumbi, yekhayekha m'chipinda chopanda mipando, chopanda khomo loti angatulukire. A Tembo anafuna kuti tiyandikire tisuzumire m'kabu. Ine ndinakana.

2008

Ndinafika ku Malawi mwezi wa Ogasiti, ndipo sabata yachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Nsanje. Kufunsa kwa masiku awiri kunandifikitsa pa mudzi wina kufupi ndi mtsinje. Mayi Joakina anali moyo. Ndinawapeza pakhonde akusola thonje, atakalamba kwambiri, maso akuona bwino. Mwana wawo, khanda lija, anali bambo wa imvi zoyamba, dzina lake Mateyu, akukonza ukonde pabwalo. Panalinso akazi angapo oyandikana nawo.

Njira yonse ndinali nditakonza mawu oti ndidzanene motsitsa, kwa mayiwo okha. Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba. Anandiyang'ana pakamwa, napukusa mutu.

"Makutu anafa amenewo," anatero Mateyu. "Kwezani mawu."

Ndinakweza. Anaika dzanja kukhutu. "Mwati bwanji?"

Ndinaimirira. Ndinakuwa monga tinkakuwira m'shedi injini zikulira. "Amuna anu sanaledzere! Madzi analimo! Boyila ndinaiwononga ndine, ndipo ndinanama!"

Akazi aja anasiya zimene ankachita. Anthu odutsa m'njira anaima. Kuseri kwa nyumba kunatuluka ena. Mayi Joakina anati, "Bwerezani." Sindikudziwa ngati sanamvedi kapena ankafuna kuti ofika mochedwa amve nawo. Ndinabwereza, mawu akusasa.

Mayiwo anaika thonje m'lichero. Sanalire. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva? Ndinkakuuza ine." Kenaka kwa anthu aja: "Mwamva nonse?" Ine sanandipatse mpando, ndipo sindinayembekezere mpando. Anatolanso thonje lawo.

Mateyu anandiperekeza ku msewu. Tinayenda mtunda wonse iye patsogolo, ine pambuyo, ndikudikira kuti atembenuke andimenye kapena anditukwane. Anali atakula akutchedwa mwana wa chidakwa chophulitsa sitima, ndinamva pambuyo pake kuti ndi chimene anasiyira sukulu. Titafika pa siteji anaima, akuyang'ana kumene minibasi imachokera.

"Kunyumba kulibe chithunzi chawo," anatero. "Kodi bambo anga anali aatali?"

"Ngati inu. Mapewa omwewo."

"Mawu awo?"

"Aakulu. Ankaimba akamaponya malasha, nyimbo za kwanu kuno, ife osamva tanthauzo."

Minibasi inabwera, kondakitala akuitana a ku Bangula. Mateyu anaikwezera dzanja kuti ipitirire. Anakhala pansi pa muzu wa mtengo, nandilozera malo pambali pake.

"Ibweranso ina," anatero. "Yambirani pamene munakumana nawo."